Tsamba Limene Bambo Sanabwereze

Bambo anga kuntchito ankawatchula kuti a Bwerezani. Dzinalo anachita kuwapatsa anzawo pa kampani yosindikiza mabuku, pomwe anagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ntchito yawo inali kuwerenga masamba asanapite ku makina, kusaka chilembo chosowa, mawu obwerezedwa, nambala yotembenuka. Akachipeza cholakwa, ankachizunguliza ndi cholembera chofiira, n'kukankhira tsambalo kwa wotayipa ndi liwu limodzi lokha: "Bwerezani." Sankakalipa, sankaseka. Anyamata a pamakina ankati bola munthu akutukwane kusiyana ndi kumva liwu limenelo kanayi m'mawa umodzi.

Tsamba likayera, ankasaina pansi pake, kudzanja lamanja. M'chipinda chawo chowerengera munali lamulo limodzi, ndipo ife kunyumba tinalimva mpaka kutuluka nalo m'mphuno: wosaina ndiye mwini cholakwa. Buku likatuluka ndi chilema, bwana sankafunsa kuti anatayipa ndani. Ankangovundukula tsamba n'kuona amene anasaina.

Khalidwelo ankabwera nalo kunyumba. Kalata ya achibale ankayamba aikonza kaye asanamve zomwe ikunena. Kapepala ka amayi kolembapo zokagula kumsika kankabwerera kali kofiira. Amayi ankati, "Inu, sopo ndi sopo, ngakhale ndimulembe chadodolido wogulitsa andipatsa." Bambo ankangoyankha kuti munthu wolekerera chilembo mawa adzalekerera mwana. Sukulu anailekezera ku pulayimale, osati chifukwa cha mutu ayi, ndipo chimenechi chinkawadya mumtima ngakhale sankachinena. Mabuku a anthu ophunzira onse ankadutsa m'manja mwawo, iwo n'kumawakonzera, koma dzina lawo silinalembedwepo m'buku ngakhale limodzi.

Nambala ija inalowa m'nyumba mwathu ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Kuntchito kunabwera buku la masamu, ndipo monga mwa nthawi zonse, linkafika m'mitolo ya masamba khumi ndi asanu ndi limodzi. Pa tsamba lomaliza la mtolo wina panali nambala zisanu: 3, 5, 17, 257, 65,537. Bukulo linafotokoza kuti zonsezi ndi nambala zosagawika, zija zimene palibe nambala ina imalowamo ndendende popanda chotsala, kupatula 1 ndi mwini wakeyo. Linafotokozanso m'mene zimabadwira: uchotsepo 1, chotsalacho uchichulukitse ndi icho chomwe, kenaka ubwezerepo 1. Ukatero ndi 3 upeza 5, ukatero ndi 5 upeza 17, mpaka 65,537. Mzere wotsiriza unali funso: nanga yotsatira, 4,294,967,297, nayonso ndi yosagawika?

Yankho linali pa tsamba lotsatira. Koma mtolo wotsatirawo sunabwere. Eni bukulo anakangana ndi bwana, n'kukasindikizira kwina. Munthu wina akanangoiwala, koma bambo anakopera nambalayo kuseri kwa envelopu, nabwera nayo kunyumba m'thumba la shati.

Tsiku limenelo anandikhazika patebulo. "Iwe ndiwe wamasamu m'nyumba muno, taiona," anatero. "Manambala khumi. Utati uziwerenga imodzi pa sekondi, osagona, osadya, ungafike apa patapita zaka 136. Ikuthera ndi 7, ndiye kuti 2 ndi 5 sangalowemo. Ukaphatikiza manambala ake onse upeza 59, yomwe 3 salowamo, ndiye 3 nayenso abwerere. Ndi yamakani imeneyi, ngati amayi akowa."

"Ndamva," anayankha amayi ali kukhitchini.

Anali ataganiza kale njira yake. Nambalayo ndi 65,536 kuchulukitsa ndi 65,536, kuwonjezapo 1. Choncho ngati ilipo nambala yoigawa, imodzi iyenera kukhala yochepera 65,536, chifukwa ziwiri zoposa pamenepo zikachulukitsana zimapitirira. Ntchito inali yoti aigawe ndi nambala yosagawika iliyonse kuyambira pansi mpaka kufika pamenepo, imodziimodzi. Pambuyo pake anadzapeza kuti zilipo 6,542, ndipo mndandanda wakewo anaupanga okha pamapepala otayidwa kuntchito. Kamakina kowerengetsera kamene tinali nako kankangolola manambala asanu ndi atatu, ndiye kanalibe ntchito. Ngakhale kakanalola, bambo sakanakakhulupirira, poti kamakina sikasaina.

Anagula kope lachikuto cholimba. Akaweruka, akamwa tiyi, ankakhala pakona ya tebulo pafupi ndi zenera, n'kugawa ndi pensulo. Samu iliyonse ankaichita kawiri, kachiwiriko pa pepala lina, osayang'ana koyamba. Zotsala zikafanana, ankalemba m'kope. Tsamba likadzaza, ankasaina mofiira. Amayi anaipatsa dzina nambalayo, ankati mkazi mnzanga. "Mkazi mnzanga wadya kale?" ankafunsa pobweretsa tiyi. Ine ndinkaitchula kuti amayi aang'ono, tonse n'kumaseka.

Tsopano ndinene zanga, poti ndi zimene ndakhalira pansi.

Teremu imeneyo ndinakhala nambala wani pa masamu, ndipo ndinkayenda ngati nyumba yonse ndamanga ndine. Loweruka lina masana ndinawaumiriza bambo kuti andipatseko tsamba limodzi. Anakana kawiri, koma ine pakamwa mpanga, ndinawatopetsa. Anali atafika pa 601. Anandilembera m'mbali mwa tsamba nambala khumi ndi zisanu ndi imodzi, kuyambira 601 mpaka 691, nandisongolera pensulo, iwo n'kupita kukameta.

Ndinachita 601, 607, 613, 617, 619 ndi 631. Abale inu, kugawa nambala ya manambala khumi si masewera. Khosi linauma, chala chinachita dzanzi. Ndili pakati apo, ndinamva anzanga akuitana pamsewu, mpira wa manja ukugunda pansi, tsiku limenelo tinali ndi masewero ndi atsikana a sukulu ina. Ndinayang'ana tsamba, zatsala khumi. Ndinadziuza kuti masamu onse amene bambo achita, oposa zana, palibe ndi imodzi yomwe yalowa, ndiye izi zilowa bwanji? Ndinatenga pensulo n'kulemba zotsala za m'mutu mwanga, mwaukhondo, manambala oongoka bwino. Yoyamba kunamizira inali 641. Ndinalemba kuti yotsala 27, nambala ya nyumba yathu.

Mpirawo tinaluza, mwa njira.

Bambo atabwera anaona tsambalo, nkhope yawo inawala. Ndinali chilili pakhomo, kudikira kuti atenge pepala lachiwiri abwereze, andigwire. Sanatenge. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, natsegula cholembera chofiira, nasaina. "Dzanja la mwana wanga," anatero. Ine ndinapuma, ndipo pofika Lolemba ndinali nditaiwala.

Zaka zinapita. Tinasamuka nyumba kawiri, makope akuyenda m'katoni yawoyawo imene bambo sankalola munthu wina kunyamula. Anapuma pantchito, ndipo nambala ija inatenga malo a ntchitoyo. Anzawo ankabwera kudzawaitana ku drafti pansi pa mtengo wa kuseri kwa sitolo, iwo n'kumati mawa, mpaka anzawowo analeka kubwera. Mlendo aliyense wokhalitsa ankaonetsedwa makope, ndipo nthawi zonse bambo ankatsegula loyamba, pa tsamba langa. "Ili analemba mwana wanga ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Taonani dzanja." Ine ndinkamwetulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinapita ku koleji ya zauphunzitsi, ndikuphunzira masamu omwewo. Chaka chachiwiri, m'mawa wina wotentha, mphunzitsi wathu, bambo wamfupi wokonda kupukutira choko pa thalauza, analemba pabolodi 3, 5, 17, 257, 65,537, kenaka nambala ija. Ndinatsala pang'ono kufuula kuti amayi aang'ono! Iye, akuyankhula ngati akunena za nyengo, anati anthu akale ankaganiza kuti nayonso ndi yosagawika, koma zinadziwika kalekale, zaka zoposa mazana awiri zapitazo, kuti si choncho. Analemba pambali pake: 641 × 6,700,417. Kenaka anafufuta n'kupita pa mutu wina.

Ine ndinatsala pa 641 pomwepo. Ndinatembenuza kope langa n'kugawa pachikuto, ndipo inalowa ndendende. Kalanga ine! Loweruka lija ndikanangokhala mphindi khumi zina, samu imodzi yokha, ndikanathamangira kometera kuja ndi yankho m'manja. Bambo akanamaliza ntchito yawo m'miyezi iwiri, ndipo woimaliza akanakhala mwana wawo. M'malo mwake anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri akusaka chinthu chimene ine ndinachikwirira ndi nambala ya nyumba.

Munthu wabwino akanakwera basi tsiku lomwelo. Ine ndinati ndikawauza pa tchuthi. Pa tchuthi ndinawapeza akudwala chifuwa, ndinati achire kaye. Atachira kunali ukwati wa mchemwali wanga, ndinati tisaononge chisangalalo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nditayamba ntchito pa sekondale ya m'tauni mwathu momwemo, ndinkabwera Lamlungu lililonse, n'kumawagulira mapensulo ndi makope ndi manja angawa. Taganizani! Ndinkadziwa, koma n'kumawagulira makope.

Chimene chimanditentha kwambiri ndi cha maso. Ng'ala inayamba diso lakumanzere, ndipo wowaperekeza kuchipatala ndinali ine. Dokotala anawafunsa kuti amachita chiyani tsiku lonse, atamva anapukusa mutu. "Ng'ala tingachotse, koma kuseri kwa maso anuwa kulinso vuto lina limene silibwerera m'mbuyo. Zaka zoona bwino zatsala zochepa, muzigwiritse ntchito pa zinthu zofunika." Bambo anaseka, nati, "Zatsala nambala 1,900 zokha, adokotala. Ndikamaliza ndidzayang'ana mitengo." Ine ndinali pampando wa pambali, chikwama pamiyendo. Pobwerera ndinawagulira galasi lokulitsira zilembo. Ndinkadzinamiza kuti ndikuwamvera chisoni, kuti nambalayo ndiyo ikuwapatsa moyo. Bodza! Ndinkaopa nkhope yawo basi, ndiponso sindinkafuna kusiya kukhala mwana wa pa tsamba lija.

Zinatha zaka zisanu chidziwireni. Lamlungu lina masana ndinafika n'kupeza jekete yawo yakuda yapachikidwa pachitseko, yositidwa, nsapato zopolishidwa, katoni ya makope yomangidwa ndi chingwe. Amayi anandichingamira pakhonde. "Mkazi mnzanga wagonja," anatero akuseka. "Andibwezera mwamuna wanga atatha ntchito."

Bambo anali pakona pawo paja. Dzulo lake anali atagawa ndi 65,521, yomaliza pa mndandanda, ndipo inasiya chotsala ngati zinzake zonse. "Aphunzitsi, khalani pansi," anatero, poti chiyambireni ntchito ankanditchula choncho mondinyadira. "Ndi yosagawika. Zaka khumi ndi ziwiri, makope makumi awiri ndi atatu, tsamba lililonse losainidwa. Mawa undiperekeze ku koleji kwanu kuja, tikawaonetse akuluakulu a masamu. Sindikufuna mphoto ine. Angolemba penapake kuti munthu wakutiwakuti anaona yekha."

Ndinamuona m'maganizo mphunzitsi wa choko pa thalauza uja akuyang'ana katoni, akuyang'ana jekete, kenaka akutulutsa foni m'thumba kuti awerengetsere. Ndinagwada pansi pafupi ndi mpando wawo, chinthu chimene ndinali ndisanachite chikulireni.

"Bambo, musapite. Imagawika."

"Ukuti bwanji?"

"Imagawika ndi 641."

Sanafunse kuti ndadziwa bwanji. Anakoka pepala, natenga pensulo ndi galasi lawo lija, naweramira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza tebulo. Ankanong'ona monga ankachitira nthawi zonse. "Mu 4,294 ilowa kasanu ndi kamodzi, kutsala 448. Titsitse 9. Ilowa kasanu ndi kawiri, kutsala 2. Titsitse 6, siilowa. Titsitse 7, siilowa. Titsitse 2, ilowa kanayi, kutsala 108. Titsitse 9, kamodzi, kutsala 448. Titsitse 7." Apa pensulo inaima. 4,487 ndi 641 kasanu ndi kawiri ndendende. Analemba 0 pang'onopang'ono, ziro woyamba m'zaka khumi ndi ziwiri. Kenaka anatenga pepala lina n'kubwereza, ine ndili chigwadire.

"Masula katoni," anatero. "Kope loyamba."

Silinavute kupeza tsambalo, kopelo linkatseguka lokha pamenepo chifukwa choonetsedwa kwa alendo. Anayendetsa galasi mpaka pa 641, yotsala 27. Ndinawauza zonse, za mpira, za masamu khumi a m'mutu, za nambala ya nyumba. Ndinkalira ngati mwana, mamina ndi misozi pamodzi. Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini atagwira pakamwa.

Bambo anatsitsa galasi mpaka pansi pa tsamba. "Wasaina apa ndani?"

"Ndinu, bambo."

"Ndiye ukulirira chiyani? Mwana wa zaka khumi ndi zinayi amathawira mpira, ndiye umwana umenewo. Ine zaka makumi atatu ndi chimodzi sindinasainepo tsamba losawerenga, ngakhale bwana ataima pamsana panga, ngakhale lole ikudikira panja. Ili lokha. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Cholakwa ichi n'changa." Ndinaona kuti manyazi awagwira iwonso, munthu wamkulu, pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake. Zinandipweteka kuposa akanandimenya.

Anazunguliza 27 uja mofiira, nalemba 0 m'mbali. Ndinayamba kudzuka, ndikuganiza kuti zatha. Ndipo anafunsa, osandiyang'ana, "Wazidziwa liti? Dzulo?"

Ndikanatha kunena kuti dzulo. Mulungu ndi mboni, lilime linali litayamba kale kupita komweko.

"Ndili ku koleji. Zaka zisanu zapitazo."

"Tisanapite kwa dokotala wa maso?"

"Tisanapite."

Amayi anati, "Mayo ine, mwana iwe!" n'kubwerera kukhitchini, ndipo ndinamva akukhala pansi. Bambo anavula magalasi awo, napukuta m'maso ndi chikhatho, nayang'ana pazenera nthawi yaitali. Panja panali mtengo wa mapeyala wa aneba, koma sindikudziwa ngati ankauona.

"Zatsala zisanu ndi zinayi," anatero pomaliza. "643 mpaka 691. Tsamba silinathe. Khala apa."

Ndinakhala pampando wawo, mphunzitsi wa masamu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, n'kugawa ndi pensulo masamu amene ndinawathawa ndili mwana. Iliyonse ndikamaliza, iwo ankaitenga n'kuibwereza pa pepala lawo, ndi galasi, osadumpha mzere. Palibe ina inalowa. Zinatitengera mpaka tiyi wa madzulo atazizira m'makapu. Anandiuza, ngati akulankhula ndi wophunzira ntchito, kuti ndiye kuti nambala yathu ili ndi ana awiri okha, 641 ndi 6,700,417, ndipo wamkuluyo ndi wosagawika, poti chilichonse chomugawa chikanaonekera m'makopemo. Anayesanso 641 mwa wamkuluyo kuti atsimikize, ndipo inasiya chotsala. "Ndiye sikuti tangotaya zonse," anatero. Koma tonse awiri tinkadziwa kuti pa zimenezo makope awiri oyamba akanakwana.

Anasaina kachiwiri pansi pa tsambalo, naika deti. Kenaka, m'munsi mwa dzina lawo, analemba mawu awiri ndi zilembo zikuluzikulu za munthu wosaona bwino: ZAKA ZISANU. Anajambula mzere pambali pake ndi rula, nanditambasulira cholembera chofiira, chimene chibadwireni ndinali ndisanaloledwe kuchigwira.

"Za mwana uja ndasaina ine," anatero. "Izi sindingasaine. Sindinazilembe, sindinaziwerenge. Mwini wake alipo."

Ndinasaina. Dzinalo linatuluka ngati nkhuku yapalasa. Bambo anakokera kopelo kwa iwo, naika galasi pamwamba pake, nayang'anitsitsa monga ankachitira ndi tsamba lililonse moyo wawo wonse. Kenaka analikankhira kwa ine.

"Sizikuwerengeka," anatero. "Bwereza."